Tsiku Limene Chitsulo Chinamwa Madzi

1. Kalata imodzi, ophunzira awiri

Chaka cha 1995 nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka pansi kung'ambika. Mabwato anangoti mbwee pamatope ouma, ndipo anthu ankapita ku chilumba cha Chisi pa njinga. Asodzi anapachika maukonde. Koma pa shedi ya a Samsoni, kufupi ndi doko la Kachulu, ntchito ndiye inachita kuwirikiza. Ngolo zonse zinali pa kalikiliki wotuta madzi kumijigo yakutali, ndipo ngolo yosapuma imadya zitsulo.

A Samsoni anali katswiri wowotcherera zitsulo. Luso limeneli anabwera nalo kuchokera ku Joni. Anali ndi ophunzira awiri. Woyamba anali Gerishomo, mwana wa mlongo wawo, amene analekeza sukulu ali fomu 2. Wachiwiri anali Rukia, mwana wa a Rajabu, msodzi. Iyeyu anabwera nyanja itaphwa, poti matemba oti aziyanika kunalibenso.

Gerishomo anali atakhala pa shediyo zaka ziwiri. Rukia miyezi isanu ndi umodzi yokha. Koma abale inu, dzanja la mtsikanayo! Akayendetsa ndodo yowotcherera, mzere unkatuluka wosalala ngati mamba a chambo. Anthu obwera ndi ntchito anayamba kufunsa kuti, “Kodi mtsikana uja alipo?” Gerishomo akamva funso limeneli, mtima unkamuwawa mpaka malovu kuwawa m'kamwa. Tisabise, mnyamatayu inamugwira nsanje.

Lolemba lina a Samsoni anatulutsa kalata m'thumba la ovolosi.

“Mnzanga amene tinali naye ku Joni akuphunzitsa pa sukulu ya ntchito zamanja ku Zomba,” anatero. “Wandisungira malo amodzi. Amodzi, osati awiri. Lachitatu ndikuyesani. Lachinayi ndilemba dzina la wopambana pa kalatayi, n'kukaipereka ndekha.”

Kwa Gerishomo, kalatayo inali njira yopitira kutauni. Kwa Rukia inali zoposa pamenepo. Wamalonda wina wa ku Songani, bambo wa imvi ndi akazi awiri kale, anali atamufunsira. A Rajabu, njala itawapana, anayankha kuti, “Akapita kusukulu, apite. Akalephera, mudzamutenga. Bwerani Lachinayi mudzamve.” Nkhaniyi aliyense pa Kachulu ankaidziwa, ndipo Gerishomo naye ankaidziwa bwino lomwe.

2. Za m'kati mwa chitsulo

Lachiwiri masana a Samsoni anazimitsa jenereta n'kuwakhazika awiriwo pa benchi. Anatsekula kachitini kakale ka fodya. Munali galasi lokuzira zinthu, kachithunzi, ndi kachitsulo kotuwa kochepa ngati bokosi la machesi.

“Tcherani khutu, chifukwa izi sindibwereza,” anayamba choncho. “Inu mumayesa chitsulo ndi chinthu chimodzi chongogwirana. Ayi ndithu. M'kati mwake muli timibulu tambirimbiri. Ndipo m'kambulu kalikonse muli tizidutswa tosaoneka ndi maso, tondandalika m'mizere ngati mpunga wowokera pa chingwe. Chitsulo chikafiira, tizidutswato timaima mwa mtundu wina. Chikamazirala, timasamuka n'kukaima mwa mtundu winanso. Tsono kusamuka kumafuna nthawi. Mukachiziziritsa mwadzidzidzi, timagwidwa tili panjira. Timibulu tija timasanduka tisingano tosongoka, topanikizana. Chitsulocho chimauma gwa, koma chikagundidwa sichipindika. Chimangothyoka.”

Ananyamula kachitsulo kotuwa kaja.

“Aka ndi katitaniyamu. Amapangira ndege. Tagwirani, mumve kupepuka kwake. Ndinakawotcherera ndine, mzere pamwamba pa mzere, monga momwe timachitira pomanganso chitsulo chodyeka. Mkulu wina wa kufakitale ku Joni anakadula pakati, n'kukapukuta, n'kukathira asidi kuti timibulu tioneke. Chithunzichi anajambula ndi makina okuza zinthu kwambiri. Taonani, tisingano take talukana ngati lichero. Tsopano yang'anani pa kachitsuloka ndi galasi, mundiuze chimene mukuona.”

Gerishomo anatsomphola galasi lija poyamba. Anayang'ana, n'kuyang'ananso.

“Ndikuona tokalikakalika, amalume.”

“Basi?”

“Ndi madontho.”

Rukia analandira galasilo n'kuyang'anitsitsa. Kenako anati, “Bambo, timibuluti ndi tatitali, taima chilili ngati bango. Koma chikundidabwitsa n'chakuti sitinathere pamene mzere wathera. Tadutsa mizere inayi, isanu, osaduka.”

A Samsoni anawomba m'manja mpaka nkhuku kubalalika.

“Eyaa! Ndi zimenezotu! Mzere watsopano ukagwera pa wakale, umasungunula pang'ono pamwamba pake. Ndiye kambulu kapansi kamangopitiriza kukula, kulondola kumene moto ukuchokera. Ine zinanditengera zaka zitatu kuti ndione zimenezi. Mwana iwe, maso amenewa unawatenga kuti?”

Gerishomo anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi. Zaka ziwiri zonsezi amalume ake anali asanamuwomberepo m'manja.

“Chomaliza ndi ichi,” anapitiriza a Samsoni. “Kuno kwathu anthu amati madzi amalimbitsa chitsulo, chifukwa amaona osula akuviika mpeni m'madzi. Koma funsani wosula weniweni. Akaviika, amaubwezeranso pamoto pang'ono kuti ufewe. Komanso mpeni sunyamula migolo ya madzi. Ekiselo ya ngolo, chitsulo chogwira matayala chija, imanyamula, ndipo pambali pake pamayenda ana. Ikathyoka pamtsetse, maliro. N'chifukwa chake pano tikamaliza kuwotcherera, timaika chitsulo pamakala mpaka chifiire chonse. Tikatero timachikwirira m'phulusa la mankhusu a mpunga, chigone momwemo mpaka mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene adzathire madzi pa ntchito yanga, kaya ndi mbale kaya ndi mlendo, njira ndi iyo.”

3. Mayeso

Lachitatu m'mawa a Bizweki, mlimi wa mpunga, anabweretsa maekiselo awiri aafupi a ngolo yawo. Onse anali atadyeka pamene pamazungulira tayala.

“Mayeso anu ndi amenewa,” anatero a Samsoni. “Aliyense yake. Muimangenso mzere pamwamba pa mzere mpaka ibwerere mwakale.”

Gerishomo anayamba. Ankafuna kuonetsa kuti wakale ndi wakale, ndiye anathamanga. Sanadikire kuti agogode makoko akuda a pamwamba pa mzere woyamba bwinobwino asanaike wachiwiri. Ndodo inamata kawiri. Atavula chigoba cha kumaso, anaona yekha kuti ntchito yake yatuluka mabamphu okhaokha. Anaifiiritsa pamakala n'kuikwirira msangamsanga kuti anthu asaionetsetse.

Kenako inafika nthawi ya Rukia. Anati “Bisimilahi” chapansipansi, n'kutsitsa chigoba. Ankaika mzere, n'kugogoda, n'kupukuta ndi burashi ya waya, n'kutembenuza ekiselo, n'kuikanso wina mbali inayo. Sankathamangira kulikonse. Amayi awiri odutsa ndi ndowa anaima n'kumaonerera chapatali, atatchinga maso ndi manja.

“Koma mtsikanayu akanakhala wanga!” anatero a Bizweki. “A Samsoni, mnyamata wanuyu muzingomutuma dizilo.”

Anthu anaseka. Gerishomo nayenso anaseka, koma kuseka kwa mano okha.

Ekiselo ya Rukia ili pamakala, kumsewu kunamveka kukuwa. Ngolo ina inali itagulukira tayala. A Samsoni ndi a Bizweki anathamangira komweko. Rukia anadikira mpaka chitsulo chinafiira chonse, n'kuchinyamula ndi mbano, n'kuchikwirira m'phulusa mosamala.

Nthawi yomweyo mawu a a Samsoni anamveka kuchokera kumsewu.

“Rukia! Tenga sipanala yaikulu ubwere kuno! Iwe Geri, sesa pa shedipo!”

Ha! Kusesa! Kale wotenga sipanala anali iyeyo.

4. Chigubu cha madzi

Gerishomo anatsala yekha ndi tsache m'manja. Anasesa kawiri katatu n'kuima. Anayang'ana kumsewu. Onse anali atawerama pa ngolo ija. Anayang'ana pa mulu wa phulusa.

Apa m'pamene munthu amayenera kudziluma lilime n'kupitiriza kusesa. Koma nsanje ilibe makutu.

Anatenga mbano n'kufukula ekiselo ya Rukia. Inali ikadali yofiira. Ngakhale iye anaona kuti ntchitoyo inali yokongola, ndipo kukongolako n'kumene kunamupsetsa mtima kwambiri. Anapita nayo kuseri kwa shedi. Kumeneko kunali chigubu chake cha madzi akumwa, amene mayi ake anakatunga mbandakucha kumjigo wa makilomita anayi.

Anatsekula chigubu n'kukhuthula madzi onse pa chitsulocho.

Tsiii! Nthunzi inamuwomba kumaso. Kufiira konse kunazimirira. Kenako anamva kaphokoso kakang'ono, kuti “ting'”, m'kati mwa chitsulo.

Anabwezera ekiselo ija m'phulusa, n'kusalaza pamwamba. Pamene panagwera madzi anathirapo mchenga. Anthu pobwerako anamupeza akusesa mwakhama, fumbi lili koboo.

Masana amenewo dzuwa linaswa mtengo. Gerishomo kukhosi kunauma. Rukia anaona mnzakeyo akunyambita milomo, ndipo anamupatsira botolo lake.

“Imwako, Geri. Madzi ako atha kale?”

“Ndilibe ludzu,” anayankha mokalipa, osamuyang'ana.

5. Tupa ndi hamala

Lachinayi m'mawa a Samsoni anafika atavala malaya oyera, kalata ili m'thumba, njinga atapopa kale. Anafukula maekiselo onse awiri n'kuwaika pa chitsulo cha njanji chimene ankasulirapo.

Anayamba ndi ya Gerishomo. Anapukusa mutu ataona mabamphu aja. Anayendetsa tupa, ndipo tupa inadya bwinobwino. Anamenya ndi hamala katatu. Ekiselo inapirira.

“Yonyansa,” anatero, “ndipo muli timaenje. Koma yamoyo.”

Ananyamula ya Rukia akumwetulira. Anaikapo tupa. Tupa inangotsetsereka, ikulira kuti kwii, osadya ngakhale pang'ono. Kumwetulira kuja kunatha. Anayesanso mbali ina. Chimodzimodzi. Anakweza hamala n'kumenya kamodzi kokha.

Phwa! Ekiselo inaduka pawiri, chidutswa china n'kukagwera pa mapazi a a Bizweki.

A Samsoni anatola chidutswacho n'kuyang'ana poduka paja ndi galasi lawo. Panali poyera, ponyezimira ngati mchere.

“Ichi chamwa madzi,” anatero pang'onopang'ono. “Rukia, wachita chiyani?”

“Ine ayi, bambo! Ndinakwirira chili chofiira. Mulungu ndi mboni!”

“Munthu amanama, mwana wanga. Chitsulo sichinama.” Anatembenukira kwa Gerishomo. “Iwe unalipo pamene ine ndinali kumsewu. Unaona chiyani?”

Mpata wachiwiri unali umenewu. Rukia anamuyang'ana ndi maso odalira, poti ankadziwa kuti mboni yake ndi yomweyi.

“Ine ndimasesa, amalume,” anatero Gerishomo. “Sindinaone bwino. Ndinangomva kuti tsii kuseriko, Rukia asanabwere kumsewu.” Ndiye ngati zimenezo sizinakwane, anawonjezera kuti, “Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.”

“Geri!” anafuula Rukia.

A Samsoni anakhala pansi ngati munthu wotopa. Anayankhula osakweza mawu.

“Rukia, ndikuuze zoona. Mizere yako ndaiona podukapa. Mulibe kabowo ngakhale kamodzi. Chibwerere ku Joni sindinaonepo dzanja lotere. Ukanalakwitsa kuwotcherera, ndikanakuphunzitsa. Ukanathira madzi n'kuvomera, mwina ndikanakukhululukira. Koma wowotcherera wobisa cholakwa ndi woopsa kuposa wosadziwa ntchito. Wosadziwa timamuona tonse, timamukonza. Wobisa amakwirira imfa m'kati mwa chitsulo, kunja n'kupaka penti. Tsiku lothyoka iye kulibe, ali kwawo akudya. Olira ndi ena. Munthu wotere sindingamutumize kusukulu ndi dzina langa. Pita kwanu.”

Mawu onsewa ankalunjika kwa Rukia, koma amene ankatuluka thukuta anali Gerishomo.

Rukia sanalire pamaso pawo. Anavula magolovesi, n'kuwaika bwinobwino pa benchi, n'kumapita.

A Samsoni anatulutsa kalata n'kulembapo dzina la Gerishomo. Analemba mosakondwa, ngati akusainira chisamani. Kenako anamupatsa chidutswa cha ekiselo chija.

“Ine ndikupita ku Zomba. Iwe tenga ichi ukawapatse a Rajabu. Ndi munthu wamkulu. Aone ndi maso awo kuti sindinakondere mbale wanga.”

Anakwera njinga n'kulowera njira ya ku Zomba yodzera ku Jali.

6. Kwa a Rajabu

Gerishomo anali atapeza chimene ankafuna. Koma sananyamuke msanga. Anazungulirazungulira pa shedi pafupifupi ola lathunthu. Potsiriza ananyamuka, chidutswa chija chili m'manja.

Atafika kwa a Rajabu anaona njinga zitatu zachilendo zitatsamira pa mtengo wa mango. Pa mkeka panakhala amuna anayi ovala zikofiya. Pakati pawo panali wamalonda wa ku Songani uja, mimba patsogolo, akuseka mokweza. Rukia anali atagwada chapambali, akuwathirira tiyi. Maso ake anali ofiira.

“Odi,” anatero Gerishomo ndi mawu osamveka bwino.

“Lowa, mnyamata wa a Samsoni,” anayankha a Rajabu. “Wabwera ndi uthenga wanji?”

Gerishomo ananjuta n'kupereka chidutswa chija ndi manja awiri. A Rajabu anachitembenuza uku ndi uku. Za timibulu iwo sankazidziwa. Anangoona chitsulo chothyoka.

“Chabwino,” anatero. “Wogawa ndi Mulungu. Ukawauze amalume ako kuti sindinawakwiyire. Anamusunga mwana wanga ngati wawo.” Kenako anagwira dzanja la Gerishomo. “Ndipo iwe, ndamva kuti malo aja ndi ako. Ukaphunzire ndi mtima wonse. Rukia ankabwera kuno madzulo n'kumati, ‘Ababa, Geri ndi amene anandiphunzitsa kugwira ndodo tsiku loyamba.’ Sitiiwala zimenezo. Mulungu akutsogolere, mwana wanga.”

Akanamutukwana, Gerishomo akanapirira. Akanamumenya, akanapiriranso. Koma dalitso limeneli linamuthyola. Misozi inayamba kutsika yokha.

“Bambo, musandidalitse,” anatero. “Madzi aja ndinathira ndine. Rukia anakwirira bwinobwino. Ine ndinafukula n'kuthira madzi a m'chigubu changa. Ndinachita nsanje.”

Tiyipoti inagwa m'manja mwa Rukia. Wamalonda uja anasiya kuseka.

“Zamasewera a ana izi,” anatero wamalondayo. “A Rajabu, nkhani tamaliza kale.”

A Rajabu anasiya dzanja la Gerishomo. Nkhope yawo inagwa.

“Mwana iwe, wachedwa. Mawu ndapereka kale pamaso pa anthu awa. Ndinanena kuyambira pachiyambi kuti chomuchotsa mwana wanga pa ukwatiwu ndi kalata ya sukulu yokha, yolembedwa dzina lake. Kalatayo ili kuti?”

Rukia anaimirira. Aka kanali koyamba kuti ayankhule ataimirira pamaso pa alendo. Anayang'ana Gerishomo m'maso, osaphethira.

“Misozi yako ndilibe nayo ntchito, Geri. Kalata ili pa njira ya ku Zomba, ndipo ili ndi dzina lako. Ikangolowa mu ofesi, ine ndapita ku Songani.”

Gerishomo anayang'ana dzuwa. Amalume ake anali atayenda kwa ola ndi theka. Wapansi sakanawapeza. Galimoto pa Kachulu inkabwera kamodzi patsiku, ndipo inali itapita kale.

Sanapemphe, sanatsanzike. Anathamangira pa mtengo wa mango, n'kugwira njinga yatsopano kuposa zonse, ya wamalonda yemweyo. Anaidumphira n'kupalasa ndi mphamvu zake zonse kulowera kumsewu, kuti akawapeze amalume ake kalata isanalowe mu ofesi.

“Njinga yanga! Wakuba! Wakubaaa!” anakuwa wamalonda uja.

Masiku amenewo mfuu ya wakuba sinkafuna umboni. Anthu anatuluka m'nyumba ndi mipini ya makasu. Gerishomo sanacheuke. Anawerama pa handulo, maso ali ku Zomba. Kutsogolo, pa mlatho wopapatiza umene aliyense wopita ku Jali amadutsapo, anyamata asanu amene ankaphwanya miyala anamva mfuuyo. Anaimirira n'kutseka njira.